Kusamuka ndi mwana wamng'ono: zochita kuyambira tsiku lomuuza mpaka atazolowera

Tsiku limene tinkakweza katundu pa lole ku Ndirande kuti tizipita ku Mzuzu, mwana wathu wa zaka zinayi adasowa. Tidamufuna kwa aneba, kuseri kwa bafa, mpaka kumsewu. Tidakampeza ali phee m'chipinda chopanda kanthu, pamalo pomwe pankakhala matilesi ake, atafumbata nsapato imodzi. Nditamunyamula adandifunsa kuti, "Amayi, ine mundiika m'katoni iti?" Sabata yonse ankationa tikumanga miphika, mabuku ndi zofunda, koma panalibe amene adakhala naye pansi kumuuza kuti iyeyo akwera nafe kutsogolo.

Bambo a ana anga amagwira ntchito m'boma, ndiye tasamukapo kanayi. Mabanja a aphunzitsi, apolisi, anamwino ndi abusa akudziwa zomwe ndikunena. Ena amasamuka chifukwa alandilodi akweza lendi, ena banja latha, ena madzi awathamangitsa monga zidachitikira anthu oposa 500,000 m'chigawo cha kummwera pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Kaya chifukwa n'chiti, akuluakulufe mutu umakhala pa lole, dipoziti ndi makatoni, mwana n'kumangoyenda pakati pa katundu wopanda womufotokozera. Malangizowa ndi a ana a zaka 2 mpaka 8, msinkhu umene mwana amaona zonse koma sangazilumikize yekha.

Gawo 1: Muuzeni, ndipo amve kwa inuyo

Chimene chimatiletsa ndikuchidziwa. Ambiri sitifuna kuti za ulendo zimveke msanga. Ena amaopa nsanje, ena amaopa manyazi ngati ulendo utalephereka, ena ali ndi kangongole pa okala. Ndipo mwana ndi wailesi, mukamuuza m'mawa pofika masana mzere wonse wadziwa. Ndiye yambani mwauza akuluakulu oyenera kumva, monga alandilodi, akumpingo ndi aneba apamtima, kenako mwanayo tsiku lomwelo. Asakamvere kwa mnzake pa phada.

Wa zaka 2 kapena 3 muuzeni kutatsala masiku ochepa, makatoni akayamba kuoneka. Wa zaka 5 kupita m'tsogolo amafunika masabata awiri kapena atatu. Mawu oti "pa 28" kapena "mwezi ukatha" kwa mwana ndi phokoso chabe. Muwerengereni ndi tulo: mangani mfundo pa chingwe zokwana masiku otsala, azimasula imodzi usiku uliwonse asanagone. Ena amaika nyemba m'botolo, koma nyemba ndi mwana wa zaka zitatu zimathera m'mphuno, ndiye ine ndimakonda chingwe.

Pomuuza musachulukitse nkhani. Afunika kumva kumene mukupita, amene akupita ndi amene akutsala, ndipo mayina muwatchule limodzilimodzi, lake likhalepo. "Tikupita ku Mzuzu. Tikupita ine, adadi ako, achimwene ako ndi iweyo. Galu tikupita naye. Anti a pa neba sakupita, atsala m'nyumba mwawo." Akafunsa funso lomwelo kakhumi, yankhani kakhumi ndi mawu omwewo.

Onjezerani kuti ulendowu si chifukwa cha iye. Mwana wa msinkhu uwu amaganiza kuti zinthu zimachitika chifukwa cha zochita zake. Ngati adamvapo alandilodi akudandaula za phokoso la ana, kapena adakumvani mukukangana usiku dzina lake likutchulidwa, mumtima amati ndalakwitsa ndine, ndipo sanena.

Musamunamize. Tidakula tikuuzidwa kuti "ndikubwera pompano, ndikukagula mandasi," amayi n'kubwera mawa lake. Pa nkhani ya kusamuka bodza lotere limapweteka. Mukamuuza kuti "tingokaona malo tibwerako," adzadikira tsiku lobwereralo, ndipo akazindikira kuti kulibe adzayamba kukukakamirani ngakhale mukupita kubafa, poopa kuti mawu anu enanso ndi otero.

Gawo 2: Mufotokozereni za kwathu ndi kunyumba

Munthu wamkulu mukamufunsa kuti "kwanu n'kuti?" satchula Area 25 kapena Bangwe ngakhale wakhalako zaka 20. Amatchula mudzi, mfumu yaikulu ndi boma. Kunyumba ndi kumene ugone lero. Kwanu ndi kumene kuli agogo, munda ndi manda a makolo. Ife tidazolowera kusiyanitsa ziwirizi, ndipo n'chifukwa chake kusiya nyumba ya lendi sikutiwawa kwambiri. Mwana wobadwira m'tauni ali ndi malo amodzi okha. Mukamufunsa amati "kwathu ndi ku Ndirande," ndipo sanalakwe, chifukwa ndiko adaphunzirira kuyenda. Musamuseke. Muwonjezereni chithunzi chimene inu muli nacho kale.

Khalani naye pabwalo, mutenge kamtengo mujambule pansi malo atatu: kumudzi, nyumba imene mukukhala, ndi nyumba imene mukupita. Tolani timiyala, kamwala kalikonse kaimire munthu. Agogo, amalume ndi asuweni aikeni kumudzi. Aneba ndi anzake aikeni pafupi ndi nyumba yanu. Kenako muuzeni anyamule yekha timiyala ta banja lanu, kake kakhale pakati, atipititse ku nyumba yatsopano. Aone ndi maso kuti ta kumudzi sitinasunthe, ta aneba sitinafufutike, ndipo kake sikanayende kokha. Mwana wathu wachiwiri adabwereza sewero limeneli masiku angapo tisanachoke ku Mzuzu, akulankhula yekha.

Alipo mabanja amene kumudzi kwake n'kovuta kuloza. Bambo ndi wa ku Rumphi kumene mwana amakhala wa kuchimuna, mayi ndi wa ku Thyolo kwa chikamwini, kapena makolo adabadwira ku Harare kapena ku Kitwe kumene agogo adapita kukagwira ntchito. Musapeke mudzi woti mumutonthoze nawo. Jambulani midzi iwiri kapena itatu, mumuuze kuti konseko kuli anthu omudziwa dzina.

Mukatero mufunseni kuti, "Kunyumba kwathu kuno timatani?" Mudzadabwa kuti satchula malata kapena simenti. Amatchula phala la m'mawa, kapu yake yofiira, kusamba dzuwa likamalowa, pemphero la pogona, nthano ya kalulu imene mwamuuza kambirimbiri. Sungani mayankho amenewa pamtima, chifukwa ndi zimene muyenera kukayamba nazo kumalo atsopano musanapachike ngakhale katani imodzi.

Gawo 3: Sewerani masanje a kusamuka, ndipo akhale ndi kathumba kake

Ana amamvetsa zinthu pozisewera. Mpatseni katoni imodzi ikhale lole, amangemo zitini ndi zidole zake, aziyendetsa kuchoka pakhonde kupita pansi pa mtengo, akatsitse, aphike nsima yadothi. Inu khalani pafupi muzimva zimene chidole chikunena. Chidole chikamalira kuti achisiya, mwadziwa chimene chili mumtima mwa mwini wake.

Kutatsala tsiku limodzi mpatseni kachikwama kapena jumbo yolimba aikemo zimene wasankha yekha. Adzaika zinthu zimene inu mungataye: galimoto yamawaya yopanda tayala, chitsekerero cha botolo, chitenje chakale chimene amagona atachigwira. Musapikisane naye. Kathumbako kasakwere pamwamba pa lole, kakhale pamiyendo pake. Chitenjecho kapena bulangete lake musachape sabata ya ulendo, fungo lake ndi limene lidzamugoneke usiku woyamba. Ndipo nthawi yosamuka si yotayira zidole zakale mobisa, si yomuletsa kuyamwa, si yomuchotsa pabedi panu. Zimenezo zidikire.

Gawo 4: Mapepala

Izi n'zachidule koma zikaiwalika zimavutitsa mwana. Ikani m'chikwama chanu cha m'manja buku lake la kusikelo, chiphaso cha kubadwa ngati ali nacho, ndi kalata ya thiransifa yochokera kwa ahedi pamodzi ndi lipoti la teremu yatha. Onani m'buku la kusikelo ngati pali katemera wotsala, monga wa chikuku wa pa miyezi 9 ndi wobwereza wa pa miyezi 15, kuti mukafika mufunse alangizi a zaumoyo tsiku la sikelo. Ngati tsiku losamuka mungasankhe nokha, sankhani holide, makamaka yaitali ya pakati pa Julaye ndi Seputembala, kuti akayambe kalasi limodzi ndi anzake. Neti yoteteza udzudzu ikhale pamwamba pa katundu, makamaka ngati mukuchoka kumtunda kupita kunyanja kapena kuchigwa cha Shire.

Gawo 5: Apite akatsanzike

Apa ndi pamene ambiri timathamangira, chonsecho ndi pamene pali nkhani yaikulu. M'tauni mwana saleredwa ndi makolo ake okha. Pali anti a pa neba amene amamusunga inu mukapita kumsika, agogo ogulitsa tomato amene amamupatsa nthochi, mayi wa ku Mvano, ku Dorika kapena ku mphakati amene adagona nanu kuchipatala mwanayo atadwala, mtsikana wantchito amene wamubereka kumsana kuyambira ali khanda. Magazi palibe, koma kwa mwanayo amenewa ndi abale, ndipo mwina amawadziwa kuposa azakhali ake enieni amene amawaona pa Khirisimasi pokha. Akummwera ali ndi dzina la ubale wotere pakati pa amayi, amati chinjira, ubwenzi woti mnzako akakhala ndi maliro kapena ukwati iweyo ndiwe woyamba kumanga chitenje. Mwana wa anjira anu amakula ngati mbale wa mwana wanu. Kuwalekanitsa opanda mawu kuli ngati kulekanitsa ana a bere limodzi.

Muuzeni mwana mosabisa kuti abale alipo amitundu iwiri, obadwa nawo ndi opezana nawo, ndipo onse ndi enieni. Mufunseni atchule amene akufuna kukawatsanzika. Mutha kudabwa kuti pa mndandanda pali mlonda wa pageti la sukulu ya mkombaphala, kapena mphaka wa aneba. Pitani naye khomo ndi khomo kutatsala masiku awiri, osati m'mawa wa ulendo lole ikulira. Anene yekha kuti "tsalani bwino." Ngati pali foni ya kamera, mujambuleni ndi aliyense, ndipo zithunzi ziwiri kapena zitatu muzitsukitse, chifukwa foni ndi yanu koma chithunzi cha papepala angachigwire nthawi imene wafuna.

Mnzake wapamtima amusiyire kanthu, kaya mpira wa majumbo, kaya chithunzi chojambula yekha, ndipo ngati mnzakeyo amupatsanso kanthu kalowe m'kathumba kaja. Akalira asiyeni alire. Mawu oti "usalire, ukapeza anzako ena" ndi oona koma si a tsiku limenelo. Kwa mwana amamveka ngati mnzake ndi nsapato yoti ikatha ugula ina. Ingonenani kuti, "Ukumusowa kale eti? Inenso anti aja ndiwasowa." Ngati misozi yanu ikubwera, isabisike.

Za mtsikana wantchito ndinene mwapadera. Ngati sakupita nanu, musamuchotse mwakachetechete mwana ali kusukulu. Ife tidatero ulendo wina poganiza kuti tikupewa kulira, ndipo mwana adakhala miyezi akufunsa ngati iyenso tingamuchotse akalakwa.

Pomaliza yendani naye m'nyumba yopanda kanthu, chipinda ndi chipinda, atsegule zitseko aone kuti palibe chatsala. Kenako atseke chitseko chakunja limodzi nanu.

Gawo 6: Ulendo ndi usiku woyamba

Mwana asakwere kumbuyo pamwamba pa katundu, ngakhale mukungochoka ku Kawale kupita ku Chinsapo. Akhale kutsogolo ndi munthu wamkulu, kapena mmodzi wa inu akwere naye basi. Ulendo wa ku Blantyre kukafika ku Mzuzu ndi wa makilomita oposa 600, pa lole ndi tsiku lathunthu, ndiye madzi, chakudya chozolowera ndi juzi zikhale pafupi, poti pa Chikangawa pamazizira. Muzimutchulira malo amene mukudutsa: mlatho wa Zalewa pa Shire, msika wa Lizulu, phiri la Dedza. Mwana amene waona msewu amadziwa kuti malo akale alipobe kumapeto kwake.

Mukafika yambani ndi pogona pake. Yalani matilesi kapena mphasa yake, zofunda zomwe zija, neti pamwamba. Phikani chakudya chimene amachidziwa, ngakhale ndi nsima ya mazira. Musonyezeni chimbudzi kukadawala, mupite naye kawiri, chifukwa chimbudzi chachilendo usiku chimaopsa ngakhale wa zaka 8. Kusamba, pemphero ndi nthano zichitike mwa dongosolo la kale, ngakhale mwatopa ndipo makatoni ali mbwee. Akafuna kugona nanu masiku oyambirira, agone.

Gawo 7: Yendani naye m'dera, koma anzake apeze yekha

M'mawa mwake zungulirani naye. Musonyezeni mjigo kapena kiyosiki ya madzi, okala, tchalitchi kapena mzikiti, njira ya kusukulu. Inuyo maso akhale pa zitsime zosatseka, maenje a njerwa odzaza madzi, agalu ndi msewu wa kabaza wa njinga zamoto. Muuzeni malire ake ndi zinthu zooneka: "usapitirire mtengo wa mango uwo." Aloweze dzina lanu lonse, dzina la dera ndi chizindikiro chapafupi, ndipo wa zaka 5 kupita m'tsogolo angathe kuloweza nambala ya foni yanu mukaiika m'kanyimbo.

Pokadzionetsa kwa amfumu a m'deralo ndi kwa aneba, mutengeni. Anthu amudziwe kuti ndi mwana wa nyumba iti.

Za anzake musakakamize. Kumukankhira pagulu n'kunena kuti "sewerani naye uyu" kumangomuchititsa manyazi. Chimene chimagwira ntchito ndi kumukhazika pakhonde ndi chinthu chofuna anthu awiri: chingwe cha jingo, mpira, miyala ya phada. Ana a m'deralo abwera okha. Wina amayamba ndi kuonerera masiku atatu asanalowe m'sewero, ndipo palibe cholakwika. Ngati kumene mwapita amalankhula chinenero china, muphunzitseni mawu ochepa oyambira. Ku Mzuzu tidayamba ndi "monile," "muli uli" ndi "yewo." Patangopita miyezi yochepa mwana wathu ndiye ankatimasulira Chitumbuka pamsika. Mwana wanu adzasekedwa kalankhulidwe, zimenezo muyembekezere, ndipo mumuuziretu kuti akumuseka chifukwa sanamvepo, osati chifukwa iye ndi wolakwika.

Kusukulu mupite naye tsiku lisanafike loyamba, aone kalasi ndi chimbudzi, apatse moni aphunzitsi. Apempheni aphunzitsiwo amukhazike pafupi ndi mwana wa kufupi ndi kwanu kuti aziyendera limodzi.

Gawo 8: Si ankolo aliyense amene ndi mbale

Timaphunzitsa ana kuitana wamkulu aliyense kuti anti kapena ankolo, ndipo ndi ulemu wabwino. Koma mwana amene mwangomuuza kuti abale ena timapezana nawo angaganize kuti aliyense womumwetulira ndi mbale. Pamalo atsopano inuyo simunawadziwe anthu, ndipo nkhanza zambiri zochitikira ana zimachokera kwa anthu owadziwa, osati achilendo a pamsewu. Ndiye muuzeni kuti ubale wopezana umatenga nthawi, ndipo ndinu mudzamuuze nyumba zimene angalowe. Malamulo akhale ochepa ndi omveka: salowa m'nyumba ya munthu inu musanadziwe, sapita kulikonse ndi munthu ngakhale anene kuti mwamutuma, ndipo wamkulu aliyense womuuza kuti "usakauze amayi ako" ndi amene ayenera kudzamunena tsiku lomwelo. Pakachitika chokayikitsa pali nambala yaulere ya 116 yothandiza ana, komanso ofesi yothandiza ozunzidwa kupolisi.

Gawo 9: Akabwerera m'mbuyo

Mwana amene adasiya kukodza pogona angayambirenso. Wina amayamwa chala, wina amalankhula ngati khanda, wina amakana chakudya kapena kumenya mng'ono wake. Kawirikawiri izi sizibwera tsiku loyamba, zimabwera sabata yachiwiri kapena yachitatu, chisangalalo cha ulendo chitatha ndipo wazindikira kuti kubwerera kulibe. Musamumenye ndipo musamuchititse manyazi pamaso pa ana atsopanowo. Yalani pulasitiki pansi pa nsalu, mumudzutse kamodzi usiku, mupitirize dongosolo la tsiku ndi tsiku. Akati "ndikufuna kwathu," musamuyankhe kuti "kwanu ndi kuno." Mufunseni chimene wakumbuka, mumvetsere.

Zambiri zimatha zokha m'masabata ochepa. Koma ngati papita miyezi iwiri akuipiraipira, akuonda, sakusewera n'komwe, kapena akumva ululu pokodza kapena mkodzo uli ndi magazi, pitani naye kuchipatala. Thupi likatentha musati ndi kusintha kwa mphepo, akayezedwe malungo tsiku lomwelo.

Ngati mwana akusamuka yekha

Nthawi zina amene akusamuka ndi mwana yekha: mayi akupita ku Joni kukasaka ganyu, mwana akukakhala ndi agogo kumudzi kapena ndi amayi ake aakulu ku Zomba. Zonse zili pamwambazi zikugwirabe ntchito, koma onjezerani izi. Mumuperekeze nokha ndipo mugone naye kumeneko usiku umodzi kapena uwiri. Pochoka musazembe ali mtulo, mutsanzikeni ngakhale alire mpaka kugubuduka. Musalonjeze tsiku lobwera limene simukulidziwa, lonjezani tsiku loimba foni, monga Lamlungu lililonse mukaweruka kutchalitchi, ndipo mulisunge ngakhale ndi mphindi ziwiri. Amene mukumulandira mwana wotere, adye mbale imodzi ndi ana anu, ntchito zigawidwe mofanana, ndipo dzina lokuitanirani asankhe yekha.

Kubwerera kukaona malo akale

Miyezi yoyamba muziimbira anti aja ndi mnzake uja pa WhatsApp kapena pafoni wamba. Ana aang'ono satha kucheza pafoni, amangoonetsana zidole n'kuthawa, ndipo pakapita nthawi mwana adzayamba kukana kubwera pafoni chifukwa ali pa sewero panja. Musamukakamize, ubale wa akuluakulu upitirizeni inuyo.

Mpata ukapezeka wopita kumalo akale, mutengeni, koma mumuuziretu kuti m'nyumba muja mukukhala anthu ena ndipo simukalowamo. Ife tidabwerera ku Ndirande patatha chaka ndi theka. Mwana adaima pamsewu n'kuyang'ana makatani achilendo pawindo la chipinda chake, adafunsa ngati mwana wa m'menemo ali ndi neti, kenako adathamangira kwa anti a pa neba, amene anali atatereka kale mphika wa nyemba.